Kasupe wa a Rosie

"Tchula dzina lake, Esteri. Mwana akutha uyu iwe ukungoyang'ana."

A Janet anayankhula ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, thupi lawo litatseka kuwala konse kwa m'mawa. Esteri sanadzutse mutu. Anali pamphasa, mwana wake Christobel ali pamiyendo, akumudonthezera madzi m'kamwa ndi kasupuni. Mwanayo anayamba kutsegula m'mimba Lamulungu, ndipo tsopano maso anali atalowa, liwombo litalowanso. Kulira kwake kunkamveka ngati kukuchokera kutali, ngati kwa kamwana ka mbuzi kotsekeredwa m'khola la eni.

"Palibe dzina loti nditchule, azakhali."

"Ndiye mwanayu wadzidwalitsa yekha?"

Kunyumba kwa a Janet anali atagamula kale kuti matendawo ndi tsempho. Morris, mwamuna wa Esteri, anali kumigodi ya ku Joni, ndipo dzinja ili linali lachiwiri chichokereni. Mkazi amene mwamuna wake ali kutali, iwo anatero, mwana wake safooka chonchi pokhapokha mayiyo atagona ndi wina, n'kubwera ali wotentha kudzathira mchere m'ndiwo ndi kunyamula mwana. Mankhwala ake analipo, osavuta n'komwe. Atchule mwamunayo, aitanidwe, asing'anga asakanize mitengo yawo ndi mchere, mwana anyambite, basi.

Panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, a Moffat ankapukuta sipoko za njinga yawo yatsopano. Iwowa ndiwo anali amalume ake a Esteri, mwini mbumba, kapitawo wa ku esiteti ya tiyi, komanso tcheyamani wa chipani m'mudzimo. A Janet anali mkazi wawo, amene anawatenga chitengwa kuchokera ku Chonde. Makhadi a chipani a mbumba yonse ankasunga a Moffat m'chitini cha mabisiketi, ati kuopa kuti akazi angawanyowetse. Ndipo popanda khadi munthu sankakwera basi, ngakhale kudutsa pamsika.

Esteri anagoneka mwana, n'kudzipanikiza m'mbali mwa a Janet kuti atuluke. Anakagwada chapatali pang'ono ndi njingayo, napempha khadi lake kuti apite ndi mwana kuchipatala cha ku Mulanje Mission.

"Amalume, ndi madzi a kukasupe awa. Mwana wa mnansi wathu Mwanaisha nayenso akutsegula."

A Moffat anapitiriza kupukuta. Anayankha ngati akuuza njinga kuti Mwanaisha nayenso ali ndi zake zoti aulule, ndiponso kuti mwana wa tsempho akamubaya jakisoni amafera pomwepo. Iwo sakanapereka khadi kuti magazi a mdzukulu wawo akhale pamutu pawo. Atatero anadzutsa maso.

"Za madzizo ndakumva mokwanira. Ukanenanso, ukanenera kwa anyamata a yufi ya chipani. Kaya ndiwe mwana wa mlongo wanga, wotsutsa chitukuko ndi wotsutsa chitukuko basi."

Masana mvula itakata, Esteri anabereka mwana n'kutenga ndowa kupita kukasupe komweko, chifukwa kunalibe kwina. Mtsinje unkadutsa kaye m'makomboni a ku esiteti usanafike kwawo, ndipo madzi ake ngakhale galu ankayamba wawanunkhiza.

Njira ya kukasupe anayamba kuyendamo ali wamng'ono, atagwira nsonga ya nsalu ya mayi ake, a Rosie. Kale munthu akamayandikira ankayamba kumva kuzizira asanaone madzi. Panali mikuyu, akatope, mwimbi, ndi m'bawa waukulu umene ana ankalephera kuukumbatira atagwirana manja. A Rosie ndiwo ankasunga malowo, monga anawasungira amayi awo amene anabwera kuchokera kuseri kwa phiri, kwa Apwitikizi, atasenza mbewu ya kalongonda ndi chikho chimodzi. Malamulo ake sanali ambiri. Nkhwangwa isapitirire mzere wa nsungwi. Nkhuni n'zakugwa zokha. Dziwe lakumtunda n'lakumwa, lapakati n'la mbale, matewera kumunsi kwenikweni. Kumtunda kwa kasupe munthu asakadzithandizeko, ngakhale zitamuthina bwanji. Mwana akatsegula m'mimba, a Rosie ankasenda khungwa la katope mbali imodzi yokha, n'kumata dothi pachilonda cha mtengowo uku akuupepesa m'Chilomwe ngati munthu amene amuponda mosadziwa. Ndipo pabanja pawo pakagwa maliro, anthu akabwerako kumanda, mwini mbumba ankayamba kumwa madzi a kasupeyo m'chikho chija, kenaka chikho chinkazungulira mbumba yonse.

A Rosie anamwalira nthawi yokolola nandolo. Tsitsi la ometa maliro lisanamere bwino, a Moffat anabwera ndi thirakitala ya ku esiteti ndi amuna a macheka. Anati fakitale ikufuna nkhuni zoumitsira tiyi, ndipo mudzi ukufuna bwalo la misonkhano loti alendo akuluakulu azifikirapo osachita manyazi. Tsiku limene m'bawa unagwa, nthaka inanjenjemera mpaka mbale zinagwa pathandala. Pambuyo pake kunabwera njinga, kenaka malata panyumba ya a Janet. Ndiye poti lamulo linali lakuti bwalo lililonse likhale ndi zimbudzi, anazikumba pamene dothi linali lofewa, pomwe anazula zitsa, chakumtunda kwa kasupe. Pamsonkhano woyamba kunabwera midzi yambirimbiri. Amayi anavina tsiku lonse, ndipo mzere wa kuzimbudzi sunaduke. Posakhalitsa mvula inayamba.

Tsopano Esteri anaima pamatope ofiira, dzuwa likuwomba madzi popanda chowatchinga. Maiwe aja anali atasanduka chithaphwi chimodzi, ndipo kangalande kochokera kubwalo kankatsikira momwemo, katanyamula zimene kananyamula. Anafunafuna chitsa cha katope kuti mwina apezepo khungwa, koma zitsa zimene sanazule anazitentha.

Anapezako Mwanaisha, mnansi wake, akudikira kuti madzi a m'ndowa adekhe. Mwanaisha anamuuza kuti kwawonso apongozi ayamba kumufunsa mafunso, ngakhale mwamuna wake amagona m'nyumba momwemo tsiku ndi tsiku.

"Ndiye kuti m'mudzi muno tonse tayamba uhule mwezi umodzi," anatero akuseka chiseko chouma. "Mvula ya chaka chino yabwera ndi zibwenzi."

Anafunsanso ngati Esteri waona kuti a Janet sakupondanso kukasupe. Esteri anali ataona. Madzulo aliwonse a Moffat ankabwera ndi chigubu cha madzi a pampopi wa ku esiteti atachimanga pakaliyala, ndipo a Janet ankauza aliyense kuti ndi ochapira yunifolomu ya abambo, poti madzi a dzinja lino amafiiritsa khaki.

Kunyumba Esteri anafuna kuwiritsa madziwo, koma nkhuni zinali zitapita limodzi ndi msitu. Zakuphiri ankalanda agadi a nkhalango, nkhwangwa n'kulandanso. Mapesi anali onyowa. Anayang'ana mpando wa Morris umene unkakhala kuseri kwa chitseko kudikira mwini wake, naugwetsa pansi, n'kuuwaza.

Masiku amene mpandowo unkayaka, mwana anakhala ngati akupezako bwino. Anamwa phala. Anakoka ndolo ya mayi ake. Nkhuku itasuzumira pakhomo anailoza ndi chala n'kuikalipira m'chiyankhulo chake. Esteri anaseka koyamba chimwalirireni a Rosie, ndipo kusekako kunamupweteka m'nthiti. Mpando utatha anawaza kabenchi, kabenchi katatha anabwerera ku madzi a m'ndowa, kumangowasefa ndi mpango wa kumutu. Anapita kwa a Janet kukapempha kapu imodzi ya madzi a m'chigubu. A Janet anamuyankhira pawindo kuti nyumba ya tsempho sagawana nayo kanthu, kaya moto, kaya mchere, kaya madzi. Sabata yotsatira m'matewera munaoneka magazi.

Apo a Janet anaitana a Doris, namkungwi wa m'mudzimo, kuti adzamufinye Esteri. Kunali kotentha tsikulo, mitambo itaundana paphiri koma osagwetsa kanthu. Esteri anapatsa alendo madzi monga mwa ulemu. A Doris anamwa. A Janet, thukuta likutsika m'khosi, anati alibe ludzu.

A Doris sanali munthu wankhanza. Anali mnzawo wa a Rosie kuyambira kuchinamwali, ndipo anayankhula motsitsa, akusisita phazi la mwana.

"Mwanawe, thupi ndi thupi. Ifenso amuna athu anapitako ku Halale, tikudziwa kutalika kwa dzinja. Tinong'oneze ife tokha, Morris sadzamva. Usamutaye mwana chifukwa cha manyazi."

Esteri anayang'ana Christobel. Khungu la pamimba likatsinidwa linkangokhala chotsinika. Mumtima mwake anayamba kusanthula maina. Telala wa pa Likhubula. Kalaliki wa sikelo ku esiteti, amene anamupatsapo moni kawiri. Ngakhale munthu wakufa, bola dzina. Ankadziwa kuti za kunong'onazo n'zabodza, dzina likangotuluka lidzafika ku Joni lisanathe dzinja, ndipo Morris sadzapondanso pakhomopo. Anaona kuti akhoza kupirira zimenezo. Anakweza mawu kuti amveke pakhonde, pamene a Moffat anakhala akumvetsera.

"Amalume, ndikatchula dzina, mundipatsa khadi langa?"

"Ukatchula dzina, kuchipatala ukatani? Mankhwala ali pompano."

Esteri sanatchule dzina lililonse mpaka alendo anatopa n'kumapita. A Janet potuluka analavula pakhomo, nanena mokweza kuti anaonapo akazi ouma mtima koma uyu yekha anabadwa ndi mwala pachifuwa.

M'mawa mwake a Moffat atangokwera njinga, Esteri anabereka mwana n'kulowa m'minda ya tiyi. Pamsewu sakanadutsa. Pamlatho pankakhala anyamata a yufi a malaya ofiira ndi chingwe chawo, ndipo mkazi wopanda khadi ankamukhazika padzuwa mpaka wina adzamuwombole. Choncho anayenda m'tinjira ta othyola tiyi, mame akunyowetsa nsalu mpaka m'chiuno. Akazi a madengu kumsana ankaimika manja n'kumuyang'ana, kenaka n'kuyang'ana timiyendo tolendewera kumbuyo kwake. Kapitawo wina anamukalipira kuti muno si mumsewu wa boma. Iye sanacheuke. Mtsinje anauwolokera kumunsi kwa mlatho, madzi akumufika pamchombo, dzanja limodzi litagwira bango, lina litachirikiza mwana. Njira yonse ankamuyankhula. Anamuuza za nsapato zofiira zimene bambo ake adzabwere nazo, za nkhuku ija yamwano, za agogo ake amene ankapepesa mitengo.

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Namwino atangovundukula nsalu anamulanda mwanayo n'kuthamanga naye. Anafunafuna mtsempha pamkono osaupeza, mpaka anaupeza pamutu. Diripi itayamba kudontha, namwinoyo anatembenuka.

"Mayi, madzi akumwa mumatunga kuti?"

Esteri anayamba kulira pomwepo. Chiyambireni matendawo, uyu anali munthu woyamba kumufunsa za madzi osati za amuna.

Christobel anamwalira m'mawa mwake, belu la mapemphero likulira kutchalitchi. Sanaphiriphithe. Anangosiya kugwira chala cha mayi ake. Namwino uja anakhala pansi ndi Esteri kanthawi, nanena mofatsa, osati momudzudzula, kuti akanabwera sabata yapitayo mwina zikanatheka. Esteri anangoti eya.

Anamubereka monga anabwerera naye, n'kumufunda nsalu kumutu, nalowanso m'tiyi. Sanalire m'njira, chifukwa maliro salirira m'minda ya eni. Mayi wina wosenza chinangwa anamupatsa moni, nasuzumira kumsana, n'kunena kuti mwanayo ndi waulemu, wagona bwino pa dzuwa lonseli. Esteri anavomera kuti wagonadi. Anadzayamba kulira atafika pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene panali madontho a oyilo wa njinga.

Maliro anaika tsiku lotsatira. Kumanda a Moffat anayankhula ngati mwini mbumba, atavala jekete ndi baji pachifuwa. Anathokoza amfumu, anathokoza mpingo, anathokoza chipani. Kenaka anati mtima wawo ukuwawa chifukwa mwanayu sanayenera kufa. Akulu anaona matenda ake, ananena mankhwala ake, koma ana a masiku ano amabisa zawo n'kuthawira kujakisoni. Sanatchule dzina la Esteri. Panalibe chifukwa, poti maso onse anali atamupeza kale.

Atabwerako kumanda anthu anasamba m'manja n'kukhala pabwalo, amuna pansi pa mapeyala, akazi m'mbali mwa khitchini. A Janet anatulutsa thobwa mwachangu, akulamula atsikana kuti agawe msanga mvula isanabwere. Za chikho palibe anazitchula.

Esteri anadzuka pakati pa akazi amene anamuzungulira. Analowa m'nyumba ya malemu mayi ake, n'kutuluka ndi chikho chakuda ndi utsi chimene chinkakhala patsindwi. Anadutsa pakati pa bwalo osathamanga, aliyense akumuona, nalowera njira ya kukasupe. Mwanaisha anadzuka n'kumutsatira. Pabwalo nkhani zinazilala. Ena anaika makapu a thobwa pansi.

Pobwera, Esteri anagwira chikho ndi manja awiri. Sanadikire kuti madzi adekhe. Atayandikira amuna anagwada, nayenda ndi maondo mpaka pamapazi pa amalume ake, mutu atawerama, monga anamuphunzitsira a Rosie. Palibe akanamunena kuti wachita mwano.

"Amalume, mwambo wa alongo anu."

A Moffat anaseka pang'ono n'kuyang'ana amuna anzawo. Anati izi n'zamakedzana, dziko lapita patsogolo, ndiponso abusa akadali pompano. Koma a Doris, amene m'mimba mwawo munali mutayamba kuwapota chimwereni madzi kwa Esteri, anayankha ali chikhalire kumbali ya akazi.

"Pamaliro a a Rosie munamwa, a Moffat, mpaka kupukuta ndevu. Abusa omwewa analipo."

Esteri anakweza chikho pang'ono. Mawu ake anali otsika, koma pabwalo panali zii moti anamveka mpaka kukhitchini.

"Mwanena kumanda kuti mwana wanga wapita ndi tsempho. Ndavomera, amalume, inu ndinu akulu. Ndiye kuti madziwa alibe mlandu. Christobel wamwa omwewa dzinja lonse, kamunthu kosatha n'kuyenda komwe. Imwani, chikho chizungulire."

A Moffat anayang'ana kumene kunaima anyamata a yufi. Masiku onse kuyang'ana kumeneko kunkakwanira. Koma anyamatawo maso awo anali pachikho, ndipo wamkulu wawo, Robson, anali atasiya mkazi wake kunyumba akuchapa matewera amagazi. Palibe anasuntha.

A Moffat anatambasula dzanja pang'onopang'ono mpaka zala zinakhudza chikho. Madzi anali ofiirira, ndipo pamwamba pake pankayandama kanthu kena kakang'ono kamene kankazungulira kokha.

"Abambo, musamwe amenewo. Mukudziwa zimene zimatsikiramo."

Anali a Janet, ataima pakhomo la khitchini ndi chipande m'manja. Mawuwo atangotuluka anagwira pakamwa, koma anali atafika kale paliponse. A Moffat anabweza dzanja n'kulibisa m'thumba la jekete.

Kenaka Mwanaisha anayankhula, osayang'ana munthu aliyense.

"Khaki ija imamwa madzi ambiri, eti."

Palibe anaseka. A Doris anakhuthulira thobwa lawo pansi, nadzuka movutikira atagwira pamimba. Akazi ena anadzuka nawo. Amuna anayamba kutola zipewa mmodzimmodzi n'kumachoka osatsanzika mwini mbumba, chinthu chimene sichinachitikepo pamaliro m'mudzimo. Robson anavula malaya ofiira aja, nawakolowetsa paphewa, n'kulowera njira ya kwawo. Abusa anatsegula pakamwa kuti atseke ndi pemphero, koma ataona kuti palibe wotsinzina anatseka buku lawo.

Mphepo ya mvula inayamba kutsika kuchokera kuphiri. Kale inkayamba yaima kaye m'mikuyu. Tsopano inangofika pabwalo ndi fumbi lake lonse, n'kugwedeza malata atsopano.

"Dzuka, Esteri," anatero a Moffat motsitsa, mawu amene anali asanawagwiritsepo ntchito kwa iye. "Tikambirana m'nyumba. Khadi lako ndikupatsa lero lomwe."

Esteri sanadzuke. Anakhalabe chogwada pamapazi pawo, chikho chili m'mwamba, madzi osatayika ngakhale dontho. Madontho oyamba a mvula anagwera m'chikhocho, ena pamutu pake. A Moffat sakanatha kudzuka osamugunda, ndipo sakanatha kumugunda anthu otsalawo akuona. Anangokhala, akudikira kuti manja ake atope.

Koma manja amenewo anali atazolowera kunyamula mwana tsiku lonse, ndipo tsopano analibe china choti anyamule.